Tsiku Limene Bambo Edwell Anadzaona Mwana

Bambo Edwell amakhala kuseri kwa mpanda wathu kuno ku Old Town. Ndi aatali, owonda, ndipo malaya awo amasita ngakhale akupita kukathirira maluwa a bwana wina ku Area 10.

Kale anali mtolankhani. Pamene midzi inkasamutsidwa kuti amange likulu, iwo anayenda kufunsa anthu za minda ndi manda omwe ankasiya. Nkhaniyo sinatuluke n'komwe m'nyuzipepala. Kunangobwera anthu ena n'kuwakweza galimoto. Kukhoti sanapiteko, loya sanamuone. Pobwerako kundende anapeza akazi awo atapita kumudzi ndi ana.

Chibwerereni palibe amawapatsa moni. Akafika pampopi, amayi amangoti zii, aliyense maso pandowa yake. Amuna anga, a Redson, ndi mesenjala ku Capital Hill, ndipo anandichenjeza: "Iwe Alesi, ukangowayankha amene aja, ntchito yanga yatha. Tidzadya nyuzipepala?"

Ine ndine wamanyazi kale, choncho kukhala chete sikunandivute. Koma ndinkaona. M'mawa Bambo Edwell ankaima pang'ono pachipata pathu ngati alankhula, kenako n'kupitirira.

Nditatuluka m'chikuta ndi Efelo, anthu ankabwera kudzaona mwana: aliyense kumunyamula, kumuseka mphuno, kusiya kanthu. Lamulungu masana, a Redson atapita kumpira, ndinamva "odi" wapansipansi. Anali Bambo Edwell, sopo ali m'manja.

"Ndamva kuti kwabwera mlendo," anatero ali kunja kwa chipata.

Kwathu munthu akadzaona khanda amalinyamula basi. Ndinatuluka, n'kutambasula manja.

"Munyamuleni, bambo."

Anamuyang'ana Efelo nthawi yaitali. Manja awo anakwera, n'kuima m'malere. Kenako anaponya maso kutsidya kwa msewu, kumene a Naphiri, oyandikana nafe, ankayanikanso zovala zouma kale.

"Mphuno ndi ya bambo ake, tsoka lake," anaseka pang'ono. "Koma ayi, mayi. Bambo akewo akhale pantchito. Anthu akakufunsani, muziti ndinkafunsa njira."

"Njira ya kuti, poti kwanu ndi apa?"

"Muzingoti wamisala uja."

Anaika sopo pamwala, n'kubwerera manja ali kumbuyo. Ine ndinaimabe pachipata, mwana ndili naye patsogolo mpaka mikono inatopa, kenako ndinamva chitseko chawo chikutsekeka.