Nyumba Yofulatira Nyanja

Mukatsika kuchokera pa Benga kulowera kugombe, mudzaona kuti nyumba za m'mudzi wa kumeneko makomo ake analoza kunyanja, kupatula imodzi. Ndi ya matabwa ndi malata, ndipo khomo lake linaloza kumunda wa chinangwa. Alendo amaseka, amati mmisiri wake anali ataledzera. Bodza lenileni! A Yakubu Abasi mowa sanaulawepo chibadwire, ndipo pa ntchito ya matabwa panalibe wowaposa gombe lonseli.

Anali okhoma mabwato, munthu wosachulukitsa mawu, nthawi zonse misomali ili pakamwa. Anakwatira a Mwanahalima, mwana wa telala wa pa Benga, n'kubereka mwana mmodzi yekha, Rahila. Zaka makumi atatu zinadutsa anthu osamvapo phokoso pakhomo pawo.

Paja tsoka silinunkha. Chaka chimene ng'ala inatseka maso a Mwanahalima, nyumba yawo ya zidina inagwanso ndi mvula. Anasamukira kwa Rahila. Mwanayo anali wabwino, koma nyumba yachilendo kwa munthu wosaona ndi minga yokhayokha: apa agunda mtondo, apo ataya madzi. Chowawa kwambiri chinali pa nthawi ya swala. Rahila ankawagwira m'mapewa n'kuwatembenuza kuti ayang'ane kuchibula, kumpoto kuja kumene Asilamu amayang'ana akamaswali. Mayi wolera anthu, lero kumatembenuzidwa ngati mtsuko! Zinkawadya mumtima, mpaka anasiya kuseka.

Tsiku lina anati kwa amuna awo, "Bambo a Rahila, m'nyumba ya malemu bambo anga ndinkayenda ngakhale nditatsinzina. Khoma la kazenera ndilo linali la chibula. Sindinkafunsa munthu."

A Yakubu anali atamva kuti nyumba ija, imene inasanduka mosungira mpunga telalayo atamwalira, iphwasulidwa chifukwa msewu watsopano udutsa pomwepo. Mwini wake ankafuna kuigulitsa ngati nkhuni. A Yakubu anagulitsa bwato lawo, lija ankati adzafa nalo, n'kugula nyumbayo.

Sanangoiphwasula chisawawa ayi. Thabwa lililonse analilemba nambala ya Chiarabu ndi utoto wa mabwato, poti manambala amene anaphunzira kumadarasa ndi omwewo. Misomali anaiwongola umodziumodzi. Ngolo inayenda maulendo asanu ndi awiri. Pamsika anyamata a chipani ankaiimitsa kufuna khadi, ndipo wina anafunsa moseka ngati nyumbayo nayo yagula yake. A Yakubu anangoonetsa yawo, ng'ombe n'kumapitirira.

Pamalo pawo, m'mphepete mwa munda wa chinangwa, anayamba kuimikanso. Matabwa ofumbwa anasintha, malata obooka anamata ndi phula. Koma thabwa la pakhomo lija lolira munthu akaponda analisiya dala, ndipo msomali umene telala ankakolekapo tepi yake anaubwezera pabowo pake penipeni. Khomo analilozetsa kunyanja, monga amangira aliyense, kuti kamphepo kazilowa.

Tsiku lolowa m'nyumba, a Mwanahalima anaponda pakhomo, thabwa n'kulira. Anaima chilili. Anatambasula dzanja, n'kukhudza msomali uja. Misozi inangoti mbwembwembwe. Kenako anataya ndodo, n'kuyenda okha mpaka kuchipinda, n'kubwerera, osagunda kanthu. Dzuwa litapendeka anadziyeretsa ndi madzi, anayala mkeka wawo kuyang'ana khoma la kazenera, n'kuyamba kuswali.

A Yakubu anali chiimire pakhomo akumwetulira. Mwadzidzidzi anakumbukira kanthu kena. Ku Benga khomo linkaloza kumadzulo, kumsewu. Iwo analitembenuzira kum'mawa. Ndiye kuti kazenera kaja tsopano kanali kum'mwera, ndipo akazi awo ankaswali atafulatira chibula! Thabwa lililonse linali pamalo pake, koma nyumba yonse inaloza kolakwika.

Atamaliza swala, a Mwanahalima anati, nkhope ikuwala, "Bambo a Rahila, lero palibe wandigwira m'mapewa."

Kodi inu mukanayankha chiyani? A Yakubu anapita kwa shehe kukafotokoza.

"Nkhani yaing'ono iyi, a Yakubu," anatero shehe. "Auzeni atembenuke basi. Mulungu amaona mtima."

"Ndiye ndikawagwirenso m'mapewa?" anafunsa a Yakubu. "Bwato ndinagulitsa kuti zimenezo zithe."

M'mawa mwake, akazi awo atakhala pakhonde, a Yakubu ananama bodza loyamba m'banja lawo. Anati chiswe chalowa m'nsanamira, ndiye abwerere kwa Rahila kwa masabata awiri. A Mwanahalima sanatsutse, anangomanga kamtolo kawo.

Mitambo inali itayamba kale kusonkhana. A Yakubu anazula zonse, malata, matabwa, nsanamira, n'kuyambanso kukhoma, khomo kumadzulo. Manja anatupa, msana unakana. Odutsa ankati nkhalamba yapenga, nyumba yatsopanotsopano kuiphwasulanso, n'kuifulatitsa kunyanja! Iwo akungokhoma, misomali pakamwa. Mvula yoyamba inagwa lata lomaliza litangokhomedwa.

A Mwanahalima anabwerera madzulo ena kunja kutayera. Anaponda pakhomo, thabwa n'kulira. Anatembenuka pang'ono, dzuwa likuwawomba kumaso, n'kuima choncho kanthawi.

"Bambo a Rahila," anatero, "chiswe chanu chija n'chophunzira ndithu. Chimadziwa ndi chibula chomwe."

A Yakubu anangoti kukamwa yasa. "Munadziwa?"

"M'mawa uja munkandiuza za chiswe, dzuwa linkandiwomba ndili pakhomo. Kwathu dzuwa la pakhomo linali la madzulo, lija linkathamangitsa bambo ndi makina awo osokera. Afa ndi maso, khungu lilipo. Swala zija ndinakabwezera kwa Rahila."

"Nanga osanena bwanji, mayi a Rahila?"

"Munthu wagulitsa bwato lake chifukwa cha ine, ndimuuze kuti walakwitsa? Ndikanati ndizingotembenuka ndekha mwakachetechete. Koma inu ndi liuma lanulo mwatembenuza nyumba yonse."

Anafufuza dzanja la amuna awo, n'kuligwira. Linali lotupa, zala zong'ambikang'ambika. Analisisita kanthawi, ndipo a Yakubu, amene anthu anali asanawaonepo akulira, anapukuta m'maso ndi kofia yawo.

"Tapatukani tsopano," anatero a Mwanahalima, "mwanditsekera njira. Nthawi ya swala yakwana."

Anadutsa okha, anayala mkeka kuyang'ana kazenera. M'nyumba imeneyo anakhalamo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo palibe amene anawagwiranso m'mapewa.