Mwana Wanga ndi Chitsekerero Chofiira

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anayankhula msanga. Asanakwane zaka zitatu ankasakaniza kale Chichewa changa cha ku Dowa ndi Chitumbuka cha bambo ake, moti anthu a pa laini yathu ku Mzimba boma ankamuitana kuti angomumva akunena "yewo chomene". Koma mitundu ya zinthu, ayi ndithu. Choyera ndi chakuda ankazidziwa. Ukati chofiira kapena chobiriwira, ankangotola chimene dzanja lagwera.

Ine ndinali mphunzitsi wa sitandade wani. Tangoganizani, m'mawa ndikuphunzitsa mitundu ana a eni ake, wanga kunyumba zikumukanika! Ndinatolera zitsekerero za mabotolo, n'kuzipaka penti, zina yofiira zina yobiriwira. Ndikaweruka ndinkaziyala pamphasa. "Ndipatse chofiira." Mwana ankayang'ana nkhope yanga m'malo moyang'ana zitsekerero, kuti aone ngati walasa.

Mantha anga anali amodzi: kuti mwina mwanayu mutu wake suli bwino. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Edingeni anazinena poyera. "Mwana uyu mutu suli makora. Kwanuko kulibe otere?" Ndinacheukira amuna anga kuti andiyankhire. Iwo anali dalaivala wa galimoto ya boma, munthu waukhondo, ndipo nthawi imeneyo ankapukuta nsapato. Sanadzutse mutu n'komwe.

Tsiku lina ndinabwera ndi makirayoni a kusukulu, ndipo ndinamujambulira mbendera kuti apake. Masiku amenewo, a chipani chimodzi, mbendera sinali ya masewera. Mwana anapaka chobiriwira pakati, chofiira pansi, dzuwa lija n'kulibiriwitsa, kenako n'kuthamanga nayo kukaonetsa mkazi wa wapolisi wa nyumba yoyandikana nafe. Mayiyo anaibweza ataipinda. "Aphunzitsi, izi muziwotcha." Tsiku limenelo ndi limene ndinathyola kandodo ka pichesi koyamba.

Sindibisa, ndinkamukwapula. Kamwana ka zaka zitatu ndi theka! Akalakwitsa, thwa m'miyendo. Bambo ake ankakhala pampando pakhonde, akuona zonse. Ndikawadandaulira ankangoti, "Muzimulimbikira, inu ndinu aphunzitsi." Chaka chathunthu chinatha choncho. Mwana wolongolola uja anayamba kukhala duu, ndipo akamva zitsekerero zikulira m'chitini ankakabisala kuseri kwa chitseko.

Pa holide tinatsika basi pa Jenda, ine ndi mwana, kuti tione mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene ankagulitsa matimati pamsewu. Anamupatsa mwana dengu kuti asankhe akupsa. Mwana anaponyamo aawisi awiri. Ine ndisanatsegule pakamwa, mwanayo anali ataphimba kale mutu ndi manja.

Mlamu anaseka. "Mlamu, mukumuvutitsiranji mwana? Mbwenu awa ndi maso a bambo ake. Achimwene ali aang'ono tinawaletsa kuthyola matimati, ankatha dimba lonse ndi aawisi omwe."

"Mwati chiyani?"

"Kasi simukudziwa? Chofiira ndi chobiriwira kwa iwo n'chimodzi. Tonse tikudziwa, amama nawonso. Koma osanena kunja, ntchito ingawathere."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo ndi chitenje changa chatsopano. Zinthu zinayamba kubwera zokha m'maganizo. Mango aawisi amene amuna anga ankagula n'kumati ndiwo amakonda. Malaya amene ankafuna ndiwasankhire ine tsiku lililonse, ine n'kumanyada kuti ndi chikondi. Ndi apongozi aja, amene anabereka mwana wotero, n'kudzandifunsa ine za kwathu! Ine kupusa, zoona.

Nditabwerera ku boma ndinawapeza amuna anga akutsuka galimoto masana. Sindinawapatse moni. Ndinatulutsa zitsekerero ziwiri n'kuziika pachikhatho.

"Bambo a mwana, ndipatseni chofiira."

Anayang'ana zitsekerero, kenako nkhope yanga, ndendende mmene ankachitira mwana. Madzi ankadontha pansanza imene anagwira.

"Ndani wakuuzani?"

"Chaka chonse ndikumenya mwana wanu, inu muli pakhonde apo!"

"Tsitsani mawu, mayi," anatero akucheukira kunyumba ya wapolisi. "Mukanauza aphunzitsi anzanu, mawa lake kuofesi amva. Dalaivala wosaona maloboti a ku Blantyre angamusunge ndani? Ine ndimangodziwa kuti likayaka lapamwamba, ndiime."

"Nanga mwana?"

"Ndinkati akamakula aphunzira kubisa, ngati ine."

Sanapepese. Ananyika nsanza m'ndowa n'kupitiriza kutsuka. Ndinadana nawo tsiku limenelo kuposa mmene ndinadanirapo ndi munthu aliyense, ndipo ndinadzida ndekha. Zitsekerero ndinaziponya m'chimbudzi, kandodo ndinasonkhezera moto. Banja silinathe, ndipo chinsinsi chawo ndinawasungira mpaka anapuma pantchito. Koma malaya sindinawasankhirenso.

Mwana ndinamupepesa kangapo, ali wamng'ono ndiponso atakula. Amati zinapita, amayi, musamaziganizire. Tsopano ali ndi ana ake, ndipo amaseka bwino ndi aliyense. Koma mwezi wathawu atabwera kudzandiona ndinaiwala, n'kumutuma kuchipinda kuti akanditengere chitenje chofiira. Anatuluka ndi zitenje ziwiri, china dzanja ili china dzanja ilo, n'kuima patali pang'ono, pamene dzanja langa silingafike.