Mlamu Wolanda Katundu Wochokera ku France

Kukhomo loyang'anizana ndi langa ku Maryhill kunkakhala bambo ena achikulire a ku France, amene anabwera ku Glasgow kutsatira mwana wawo wamkazi. Tinadziwana chifukwa cha mabini: iwo ankasokoneza masiku otulutsa zinyalala, ine n'kumawakonzera.

Tsiku lina anandiitanira tiyi n'kundionetsa zithunzi. Kani moyo wawo wonse anali munthu wa zisudzo! Anayambira pa siteji ku Paris, kunyamula thireyi osayankhula kanthu, kenaka analowa m'mafilimu: uku dokotala, uku wapolisi, uku wansembe. Ankadzitama kuti kufa ankakudziwa kuposa aliyense, poti nthawi zambiri ankawapha filimu isanafike pakati. Koma titafika pa chithunzi chomaliza anazizira. Anati tsiku la chithunzicho mawu anawathawa pa siteji, anthu ali duu kuwayang'ana, ndipo sanakwereponso.

Nthawi imeneyo gulu lathu la kutchalitchi ku Springburn linkakonza sewero la mayi wamasiye, koma panalibe wofuna kukhala mlamu wolanda katundu. Amuna akwathu aliyense amafuna kukhala abusa basi. Ine, ndi pakamwa panga posatsekapa, ndinakawapempha bambo aja. Anakana kawiri. Kachitatu anafunsa kuti mlamuyo amavala chiyani.

Sewerolo linali m'Chingerezi, ndipo anaphunzira mawu awo mwakhama. Cholakwa changa n'chakuti sindinawauze mmene ife timaonerera sewero. Iwo anazolowera kwawo, kumene oonerera amaopa ngakhale kutsokomola.

Tsiku la sewerolo, atangolowa pa siteji, jekete lili paphewa, n'kuyamba kuloza mipando ya malemu ndi ndodo, mu holo munabuka phokoso. "Wakuba iwe!" "Mfiti!" Atanyamula ketulo, anthu anaseka mpaka misozi. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anaima njii, pakamwa yasa, mawu athawanso. Anaganiza kuti akuwanyoza. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa wowabweretsa ndinali ine.

Pamenepo mayi ena amvano, namwino wopuma ntchito, anaimirira pa mpando wakutsogolo.

"Bwezani ketuloyo, bambo inu! Mulibe manyazi?"

Chichewa sankachimva, koma chala cha mayiwo chinkaloza ketulo, ndipo mkwiyo wawo sunali wamasewera. Bambo aja anayang'ana mayiwo, anayang'ana ketulo, n'kuikumbatira ngati khanda. Kenaka, maso ali pa mayi omwewo, anatola masupuni amodziamodzi n'kumaponya m'thumba. Holo yonse inaimirira kukuwa. Kuchokera apo mawu anabwerera okha, ena oonjezera amene sitinawalembe n'komwe.

Titatha panali tiyi ndi mandasi, ndipo ogawa anali mayi omwe aja. Aliyense anamupatsa awiriawiri. Atafika pa bambo a ku France, anabweza beseni.

"Awa ayi. Akadye za amasiye."

Manyazi anandigwira. M'basi pobwerera ndinawamasulira mawuwo, n'kuyamba kupepesa kuti kwathu wosewera ngati munthu woipa mtima amayenda naye udani mpaka kumsika. Ndinadabwa kuona mapewa awo akugwedezeka. Ankaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwanangu," anatero, "moyo wanga wonse anthu ankandiombera m'manja mwaulemu, n'kukadya osandikumbuka. Palibe anandimanapo chakudya. Chaka chamawa undilembere kuti ndilande nyumba yomwe."