Minibasi ya nkhuku za ba Marjory

Ba Marjory ba ku Kanyama ni mai wamasiye, bamagulitsa mazira pa msika. Mazira amenewo anali kuchokera mu minibasi. Ee, minibasi! Ija banasiya ba Eugene, draiva wakale, pakona pa nyumba ya ba Marjory injini itafa. Banaikweza pa mabuloko, bachotsa matayala, ati tibwera mawa na makanika. Mawa lakelo bana banabadwa mpaka kuyamba sukulu.

Chimotoka chinasanduka chimbudzi cha bachakolwa. Fungo lake! Udzudzu wake! Mwamuna olo mmodzi wogwirako fosholo panalibe. Ni ba Marjory banamanga chitenge pamphuno, bakokolola nyansi zonse, batsuka, bamanga waya m'mawindo, balowetsa nkhuku. Mvula ya ku Kanyama muidziwa, madzi amafika mpaka pansi pa bedi. Nkhuku za banthu zinali kuyandama m'ngalande, koma za ba Marjory zili phee pa mipando monga mapasenja.

Manje chaka chino, mitambo itayamba kuda, ba Eugene aba batulukira na bamuna bawiri bogula vitsulo, banyamula na gasi yodulira.

"Amai, chotsani vinkhuku vanu. Tifuna kudula."

"Kudula? Si munakamba kuti muzaikonza, ba Eugene?"

"Inaola iyi. Ni sikilapu chabe."

"Lero ndiye mwaikumbukira? Pamene inali kununkha munali kuti?"

Pa mpando wa draiva panali thadzi lofungatira mazira. Aliyense woweta adziwa kuti thadzi lotere ukalichotsa pamalo pake, mazira azizira, basi aonongeka. Ba Marjory banapempha kuti badikireko anapiye atuluke. Munthu amene minibasi inamudikira zaka zonse zija, ati alibe nthawi! Manyazi balibe bamuna bena.

Ba Marjory sibanalire. Banabwereka sipanala, bavundikira thadzi na dengu, bamasula mpando wonse, baukokera kunyumba pang'onopang'ono.

"Mpando uwo ni wanga!" ba Eugene bakuwa.

"Bwerani mulikambire mwekha thadzi, atate. Lili na mlomo."

Sibanabwere.

Ndiye banadula denga, vitseko na m'mbali. Pofika pansi, bogula baja bagogoda na nyundo, bapukusa mitu, ati ili ni dzimbiri lokhalokha, sitinyamula. Mwaona? Chimene chinali kusunga nkhuku za mai wamasiye banachipha chifukwa cha vitsulo vosadzaza na ngolo yomwe. Chigoba chili pomwepo, ndipo bachakolwa babwererako kale.

Anapiye anatulukira m'nyumba, pa mpando womwewo, ndipo nkhuku zina zonse nazo zinasamukira momwemo. Koma mvula yoyamba itagwa, madzi analowa monga mwa masiku onse, ndipo malo ouma anali amodzi chabe. Nkhuku zonse zinakwera pa bedi. Ba Marjory, mai wamkulu wa msana wowawa, banagona chokhala pa mpando wa draiva, mapazi ali m'madzi.