Kathyali wa Pakatoni

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi, nditangolemba mayeso a Fomu 2. Iwo ankaperekera mandasi kutiyirumu ya Che Amidu pa Chamama, ndipo atamva kuti mtsikana wotsuka makapu wakwatiwa, anandikokera kumeneko. "Mwanayu salankhulalankhula, koma manja ake ndi achangu," anatero. Che Amidu anandiyang'ana kamodzi n'kundilozera beseni.

Ntchito ya m'mawa inali yomveka: kukoleza mbaula, kutereka ketulo yaikulu, kusefa masamba, kudula masikono, kutsuka makapu m'beseni la sopo n'kutsukuluza m'lina. Ya masana ndiyo inandizunguza.

Rashidi, mwana wa Che Amidu, anali atabwera ndi masewera achilendo kuchokera ku Joni. Makasitomala akachepa, ankayala katoni patebulo la pakona. Pakatonipo anajambulapo mapiri, mapanga ndi linga la mfumu yankhanza. Wosewera aliyense ankasanduka munthu wina, woimiridwa ndi chitsekerero cha botolo. Rashidi ankafotokoza zimene zili kutsogolo, iwe n'kunena chimene ukufuna kuchita, kenako iye n'kuponya dayisi ya mbali zambirimbiri. Ikagwa nambala yaikulu, zatheka. Moyo wa aliyense unali mulu wa nyemba, ndipo ukamenyedwa Rashidi ankatapako.

A Mwale, bambo wa thupi lalikulu amene ankadinda mabelo a fodya ndi jeke, anali wankhondo. Wosoka nsapato wa pakhonde anali sing'anga. Panatsala kathyali, wakuba wa gululo, amene aliyense ankamukana.

"Tadala, siya makapuwo, khala apa," anatero Rashidi.

"Ine ndimaimba kwaya," ndinayankha chapansipansi.

"Kwaya ndi Lamulungu. Lero ndi Lachiwiri."

Kathyali ali ndi mphamvu zake. Amayenda osamveka, amatsegula loko ndi waya, amaona msampha ena asanaupondepo, ndipo akabaya mdani chakumbuyo amamugwetsa kamodzi. Popanda iye, gulu limangoima pakhomo lotseka. Koma nyemba zake n'zochepa, zoti nkhuku n'kutola osakhuta. A Mwale anali ndi zodzaza dzanja. Kathyali akakumana ndi mdani maso ndi maso, watha. Amapulumuka pokhapokha wankhondo ataima kutsogolo, adani n'kumayang'ana iyeyo.

Chondidabwitsa n'chakuti ndinkazitha. Rashidi akati, "Mlonda wakhala pakhomo," ine ndinkafunsa ngati akudya, ndi dzanja liti, makiyi wapachika mbali iti. Sindinaphunzire kwina kulikonse. Mwana wamanyazi amakula akudutsa m'mbali mwa khoma, akuona zonse osanena kanthu. M'kope lomwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku ndinadzifunsa ngati kuba kwa pakatoni ndi tchimo. Yankho sindinalipeze.

Anthu anayamba kubwera kudzaonerera. Ndikatsegula chitseko cha mfumu ankaomba m'manja. Dzina la Tadala linaiwalika. "Kathyali, tiyi wamkaka kuno!" Sindinkadziwa ngati ndikondwe kapena ndidandaule.

Tsiku lovuta linali lomwe feteleza wa makuponi anafika kudepoti. Mzere unayambira kumeneko mpaka kudutsa pakhomo pathu, ndipo anthu ankasinthana: wina asunge malo, wina adzamwe tiyi. Mayi wina wa ku Lukwa anamwa tiyi wake, ine n'kuchotsa kapu. Ataimirira anadzigwiragwira m'chiuno n'kukuwa.

"Mayo! Kuponi yanga!"

Tinasuntha mabenchi, tinasesa pansi. Osaoneka. Chimanga chake chinali chitamera kale kumunda, chikudikira thumba la fetelezalo. Bambo wina anati, "Funsani Kathyali." Anthu anaseka. Wina n'kuwonjezera, "Koma zoona, za waya ndi loko zija anaziphunzira kuti?" Apa kuseka kunazilala. Onsewa ankadziwa kuti ndi masewera, ena mwa iwo ndiwo ankandiombera m'manja. Komabe maso onse anatembenukira kwa ine.

Ndikanangoti, "Sindinatenge." Koma miyendo inachita zimene inazolowera: ndinazembera kukhitchini n'kukabisala m'kachipinda ka makala, kuseri kwa matumba. Sindikudziwa mpaka lero ngati anathawa ndi Tadala kapena kathyali.

"Wathawa! Ndi yemweyo!"

Ndinamva mapazi, ndinamva wina akutchula zopita nane kupolisi. Ndinaganiza za amayi, za kwaya, za sukulu. Nkhani ya wakuba kuponi sifufutika pa Chamama.

Kenako kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali a Mwale, atapereka msana kwa ine.

"Wofuna mwanayu ayambe wamaliza nyemba zanga," anatero.

Ochepa anaseka, koma palibe anayesa kudutsa. Osatembenuka, anandiuza motsitsa mawu, "Tuluka, mwanawe. Ima kumbuyo kwanga ngati masiku onse. Koma lero uoneke."

Ndinatuluka, makala ali bii m'mawondo. Akazi a Che Amidu ndi amayi ena awiri anandilowetsa m'chipinda n'kundisecha. Anamasula mpango wanga, anakutumula nsapato. Ndinayang'ana kudenga nthawi yonseyo. Sanapeze kanthu, koma panja ena ankati ndaponya m'makala.

Akukhuthula matumba aja, anafika mlamu wa mayi uja kuchokera pamzere, atabereka khanda, kudzafunsa chomwe achedwera. Pakona ya chitenje choberekera panali mfundo. Mayiyo anamanga kuponi mmenemo m'mamawa, ndipo mwana atalira anamupereka kwa mlamu wake pamodzi ndi chitenjecho.

"Pepa, mwana wanga," anatero mayi uja akumasula mfundoyo ndi mano. Ndiye anacheukira patebulo la pakona. "Komabe masewera enawa ayi."

Amayi anga anandiuza kuti ndisabwererenso. Che Amidu anatumiza mawu akuti makapu akudikira. Ndinapita, chifukwa ndinaona kuti kukhala pakhomo kukanakhala kubisalanso m'makala.

Chimene ndinasunga n'chochepa. Kathyali amatsegulira aliyense zitseko, koma tsiku la mlandu alibe pakamwa, ndipo luso lomwe anthu amaliombera m'manja ndi lomwelo amamuloza nalo chala. Amafunika wina woima kutsogolo. Koma nayenso nthawi ina ayenera kutuluka n'kuoneka.

Titayalanso katoni, Rashidi anandiuza kuti ndikhoza kusintha n'kukhala sing'anga. Ndinatenga chitsekerero changa chomwe chija. Gulu linafika pachitseko cha linga, chokiya.

"Kathyali, ukutani?"

"Ndiodira."

Rashidi anazunguza dayisi m'dzanja. "Wakuba kunena odi? Zimenezo zilibe nambala."

"Ponyani basi," anatero a Mwale. "Mwina atsegula."