Timabokosi Titatu ndi Maso a Amayi

Nyumba yathu ili m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo phirilo ndi limene limatidyera netiweki. Munthu ukafuna kuimba foni umayendayenda pabwalo dzanja lili m'mwamba ngati ukuingitsa ntchentche. Nditayamba maphunziro owonjezera a uphunzitsi, amene amafuna intaneti, ndinagula rauta, kabokosi kolowetsamo simukhadi kamene kamagawa waifai m'nyumba. Ndinayenda nako pabalaza, pakhonde, mpaka pamwamba pa kabati, koma zii. Malo amodzi okha ndi amene kanagwira: pazenera la kuchipinda kumene timagona ine ndi amuna anga. Makoma athu ndi a njerwa zootcha zogoneka ziwiriziwiri, ndiye ukangotuluka pakhomo la chipindacho waifai imatsalira komweko.

Ine zimenezo sizinkandivuta. Amene zinawavuta ndi amayi anga.

Amayi ankakhala m'kanyumba kawo kuseri kwa nyumba yathu, kupitirira khitchini. Malowo ndi awo, amuna anga ndi mkamwini, anachita kubwera. Mchimwene wanga wamng'ono, mzime wawo, anapita ku Joni ndevu zisanamere bwino. Mapepala ake anatha kalekale, moti akanati abwere kudzationa sakanabwereranso, chonsecho kumeneko ali ndi mkazi ndi ntchito yake ya m'galaja. Ana anga amene anawasiya akukwawa anafika ku sekondale iye osaponda kuno. Mawu ake amayi ankawamva mwa apo ndi apo, oduka ngati ulusi wovunda. Chimene ankafuna ndi nkhope.

Ndiye kunabwera matenda a shuga. Anayamba ndi miyendo, kenako anakwera m'maso. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti si ng'ala yoti n'kupala, shuga wadya m'kati, ndipo kuwala kumene kwatsalako kuzipita pang'onopang'ono. Amayi anamva ndithu, makutu awo anali akuthwa kuposa anga. Tili m'njira anangoti, "Ndimuone mwana uja maso asanatseke, basi."

Ndinaona ngati nkhani yaphweka. Tsiku lomwelo ndinawauza kuti Lamlungu, mchimwene akakhala kuti sali kuntchito, alowe kuchipinda kwathu, akhale pampando pafupi ndi zenera, aimbirane moonana nkhope.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Kuchipinda kwa ndani?"

"Kwathu, amayi. N'kumene imagwira."

"Iwe, mutu wako ukukoka? Ine ndikalowe kumene amagona apongozi anga? Sukuluyi yakupenga eti?"

Kwathu kuno kholo silowa m'chipinda cha mwana wake wokwatiwa. Mpongozi ndi mkamwini amapatsana ulemu wa patali: amayi ankalonjerana ndi amuna anga atanjuta, nkhope itayang'ana kumbali, ndipo sanadyerepo mbale imodzi. Mwambowo ndinkaudziwa, ndinakulira momwemo. Koma ndinkaganiza kuti pa nkhani ya mwana wawo afewa. Ndinanama.

Ndinayesa zonse. Ndinati titulutsa bedi ndi zovala, chipinda chitsale mbee. Anati chipinda ndi chipinda, ngakhale mutulutse zitseko. Amuna anga, munthu wofatsa, anadzipereka kuti Lamlungu azikaswera kwawo ku Kaduya kuti amayi amasuke. Amayi anati zimenezo ndiye zoipa kuposa, anthu amve kuti anathamangitsa mkamwini pakhomo kuti alowe kuchipinda kwake. Ndinati chabwino, imani panja, kuseri kwa zenera, pamenepo imafikako pang'ono.

"Ndikaime kuseri kwa zenera la apongozi ngati mfiti? Aaa, ndisiyeni ndife ndi ulemu wanga."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinawauza kuti ulemuwo sudzawaonetsa mwana wawo. Anandiyankha m'Chilomwe, chimene ankachita akakwiya zenizeni, ndipo masiku angapo chakudya changa ankachibweza chosakhudza. Ndinkawakonda amayi anga, koma liuma lawo linali la mwala.

Zithunzi zinalipo, koma mchimwene ankatumiza zimene wajambulitsa atavala chipewa ndi magalasi akuda. Amayi ankaziyandikitsa pamphuno n'kundibwezera foni. "Chithunzi sichiphethira," ankatero. Tsiku lina mchimwene anajambula kavidiyo kowalonjera. Amayi anayankha moni n'kufunsa ngati akudya bwino, koma iye anangopitiriza zolankhula zake. Anakhumudwa ngati wawanyoza dala. Kamodzi tinawakweza pa kabaza kupita nawo kumsika, kumene netiweki imakhalako bwino. Miyendo inatupa njira yomweyo, msika uli phokoso lokhalokha, ndipo foni italowa nkhope ya mchimwene inangoima tsonga, kukamwa kuli yasa, kenako n'kuzima. Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje anthu ogula tomato akuwayang'ana. Anati sadzabwereranso kukadzichititsa manyazi.

Nzeru ya timabokosi totchedwa meshi inachokera kwa mchimwene yemweyo. Anati kumene amagwira ntchito kuli timabokosi timene timapatsirana waifai. Kamodzi umakalumikiza ku rauta, kachiwiri umakaika chapakati, kachitatu kumene ukufuna ifike, ndipo kalikonse kamalandira kwa kanzake n'kupereka patsogolo. Nditawafotokozera amayi anamva msanga kuposa ine.

"Ngati mmene timapatsirana njerwa pochotsa mu uvuni?"

"Eya, choncho."

"Ndiye ituluke yokha m'chipindamo, indipeze kuno. Imeneyo ndiye ili ndi mwambo."

Anaseka tsiku limenelo. Ine ndinali ndisanamve kuseka kwawo chiyambire matendawo.

Mchimwene anagula timabokosito n'kupatsa munthu wina amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa mpaka lero. Katunduyo ananyamuka chimanga chili m'mawondo. Munthu uja anayamba nkhani zake: mawa, mkuja, galimoto yafa, ndili pa boda, katundu wanu ali pansi pa mafiriji a anthu. Kenako mvula inagwa yoopsa, milatho inaduka, ndipo foni yake inasiya kulowa. Ine m'mawa uliwonse ndinkapita kwa amayi ndi phala, n'kumaona mmene akulandirira. Poyamba ankalandira bwinobwino. Kenako dzanja linayamba kuphonya, kugwira mphepo kaye lisanapeze mbale. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene kunja kwachitira nkhungu, dzuwa lili phwee.

Ndinawachondereranso. Ndinagwada pakhomo pawo, mayi wa ana atatu ine, n'kunena kuti amayi, kamodzi kokha, palibe adzadziwe.

"Ndidzadziwa ine," anatero. "Timabokosi tako tikubwera."

Timabokosito tinafika anthu akukolola nandolo. Katoni inali yophwanyika ngodya, koma m'kati munali bwino: timabokosi titatu toyera, tozungulira, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Loweruka limenelo ine ndi amuna anga sitinapume. Koyamba tinakalumikiza ndi chingwe ku rauta pazenera paja. Kachiwiri tinakaika pabalaza, ndipo kachitatu titapita nako kwa amayi kanayatsa kagetsi kofiira, kutanthauza kuti sikakumva kanzake. Tinasuntha kachiwiri kupita pakhonde la kuseri, ndiye iko n'kufiira, makoma awiri atakatchinga. Tinakakweza pamwamba, malata n'kusokoneza. Ndinatukwana timabokosito, ndinatukwana phiri, ndinatukwana ndi amene anaumba njerwa za nyumba yathu, amene ndi amuna anga omwe. Iwo anangoti, "Amayi a ana, tiyeseko apa."

Pamene panatheka ndi pakhonde la m'kati, pamwamba pa chitseko chotulukira kuseri, pamene kabokosiko kankaona khomo la chipinda chathu mbali ino ndi zenera la amayi mbali inayo. Amuna anga anakhomera kathabwa pamenepo. Kunyumba kwa amayi kunalibe magetsi, ndiye anakumba kangalande kudutsa pabwalo n'kukwirira chingwe m'paipi kuti mbuzi zisatafune. Atafika pakhomo la amayi anaima, n'kundipatsira chingwecho. Nawonso sakanalowa. Ndinaika kachitatu pazenera, ndinadikira, kagetsi kanaphethira, kenako kanasanduka kobiriwira. Foni yanga inadzaza mizere yonse m'kanyumba ka amayi, mmene chimangidwire munali musanalowepo netiweki.

"Amayi, yafika! Onani kagetsi kobiriwira!"

Anatembenukira kumene kunachokera mawu anga, osati kuzenera. "Eya, ndakaona," anatero.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawapeza atasamba kale, atavala chitenje chimene ankasunga pansi pa sutikesi ndi duku yake. Duku inali yotembenuza, msoko uli kunja. Ndinawakonzera. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Usamuuze za masowa. Wamva? Angavutike mtima, ali kutali."

Tinakhala pamphasa. Ndinawagwiritsa foni m'manja n'kuwongola manjawo kuti nkhope yawo ioneke. Foni inaitana pang'ono, mchimwene n'kuyankha.

Mayo ine! Chithunzi chinali choyera ngati munthuyo wakhala nafe pamphasa pomwepo. Osaduka, osaima. Ndinaona zonse zimene zipewa ndi magalasi zinkabisa. Mchimwene wanga anali ataonda, masaya atalowa, imvi zitatuluka m'ndevu, dzino limodzi lakutsogolo palibe. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo anali atasanduka mdala.

"Amayi!" anakuwa. "Amayi, ndi inuyo? Mukundiona?"

"Ndikukuona, bambo anga," amayi anatero, akumwetulira khoma la pamwamba pa foni. "Eee, koma ndiye wanenepa! Akukudyetsa bwino mkazi wako."

Mchimwene anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana mphasa.

Anacheza. Amayi anafunsa za ntchito, za kuzizira kwa kumeneko, ngati amapemphera. Anamuuza za nandolo, za mbuzi imene inaswa awiri, za anthu amene anamwalira m'mudzi. Mawu ankamveka bwino lomwe, ndipo nkhope yawo inawala. Kenako mchimwene anati ali ndi mlendo woti awaonetse. Anali ndi mwana wamkazi wa miyezi yochepa, amene anamutcha dzina la amayi. Anatembenuka n'kuitana mkazi wake kuti abwere naye.

"Amayi, nayutu dzina lanu," anatero, akuyang'anabe kukhomo kumene mkaziyo amachokera.

Amayi sanadikire. Anayandikitsa foni kumaso n'kuyamba kuseka.

"Ayi ndithu, ndi wathu ameneyu! Taonani mphunoyo, ya malemu bambo ako yeniyeni. Ndi maso akewo! Moni, dzina langa, moni!"

Pafoni panalibe mwana. Panali mchimwene yekha ndi khoma la buluu kumbuyo kwake. Mkazi wake anali asanalowe n'komwe.

Mchimwene anatembenuka pang'onopang'ono. Anawayang'ana amayi nthawi yaitali, iwo akugwedezera dzanja mwana amene panalibe. Mkazi wake anafika ndi khandalo, n'kuima pambali, osadziwa chimene chachitika. Mchimwene anatseka pakamwa ndi chikhatho. Timabokosi tija tinagwira ntchito yake bwino kwambiri, moti ndinaona msozi uliwonse mmene unkatsikira m'ndevu zake, ndi mapewa mmene ankagwedezekera. Nanenso ndinaluma chitenje. Ndinali ndi mkwiyo, koma wokwiyira ndani? Munthu wa katundu uja, shuga, phiri, kapena mayi wokalamba amene anasunga ulemu wake mpaka unamudyera mwana? Khomo la chipinda chathu linali pompo, munthu ukhoza kuponya mwala n'kulimenya.

M'kanyumbamo munangoti zii. Amayi anasiya kugwedeza dzanja. Anapendeketsa mutu kuti amvetsere, kenako anagwedeza foni ija monga tinkachitira kale pabwalo.

"Iwe, yadukanso netiweki yako ija?"

"Ayi, amayi," ndinatero. "Ilipo yonse."