Vesi Kaye, Kachewere Pambuyo

Atate anga ankakhulupirira kuti Mulungu amalowa mwa mwana kudzera m'mimba. Kwathu ku Tsangano, kutsidya kwa malire a Malawi, chakudya chikafika pamphasa, sunkasamba m'manja usananene vesi. Ukaphonya liwu limodzi, mbale yako inkakwera pamwamba pa kabati, iwe n'kumaonerera anzako akutafuna kachewere. Ukaphonya kawiri, kuseri kwa chitseko kunali kamtengo ka pichesi. Iwo anali mkulu wa mpingo, ndipo ana asanufe ndife tinali ulemu wawo.

Kukabwera alendo, ankatindandalika pakhonde. "Iwe, salimo lija. Iwe, funso la vinti, la makumi awiri lija, la katekisimu." Ine, mwana wachiwiri, wamkazi, ndinali katswiri. Ndinkalakatula ngati wailesi ya mabatire atsopano, alendo n'kumaomba m'manja, atate n'kumasisita chibwano ngati Baibulo analemba ndi iwo. Tanthauzo la mavesiwo sindinkalidziwa, ndipo kufunsa unali mlandu. Tsiku lina ndinafunsa ngati Mulungu amamva Chichewa cha ana kapena cha m'buku chokha. Yankho linachokera kuseri kwa chitseko.

Ngakhale pemphero linali ndi mwini wake. Anatilembera atatu: la m'mawa, la chakudya ndi la pogona. Mng'ono wanga atawonjezera yekha kuti Mulungu achiritse kambuzi kake, anamudula pakati. "Nada, ayi! Ukulankhula ndi Mwini kumwamba, osati mnzako wa kudambo." Mwanayo sanayesenso.

Nkhondo inafika kwathu ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Shikola inatsekedwa, apulofesolo amene ankatiphunzitsa anathawa. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ndikukumba kachewere ndekha kumunda, mfuti zinalira kumudzi. Ndinadzigwetsa pakati pa mizere, nkhope m'dothi. Anthu a mfuti anadutsa m'kanjira ka m'mphepete mwa munda, pafupi moti fungo la fodya wawo ndinkalimva. Sindinadziwe kuti anali a mbali iti.

Ndinafuna kupemphera. Katswiri uja, wa mavesi odzaza nkhokwe, ndinafufuza m'mutu koma munali mbee. Chimene chinatuluka ndi pemphero la chakudya. Ndili chafufumimba, mkodzo ukuyenda m'miyendo, ndinanong'ona kuti, "Dalitsani chakudya chili patsogolo pathu, ndi manja amene akonza." Ndinabwereza katatu. Kenako ndinachita manyazi, ndinapsanso mtima, ndipo ndinanena mawu amene atate sanalembe: "Mulungu, ndikuopa. Musandisiye pano."

Ndinadikira kamtengo ka pichesi kuchokera kumwamba, koma sikanabwere. Mantha sanathe, komabe kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti ndikulankhula ndi wina wake.

Lamulungu lotsatira tinapemphera pansi pa mtengo, chifukwa tchalitchi anali atachisasula malata. Atate anaimirira kuchitira umboni, chifuwa patsogolo. Anati mwana wawo wapulumuka chifukwa cha mavesi amene iwo anamuika m'mutu. "M'mera mpoyamba, abale," anatero. "Iwe, taimirira, uwauze anthu salimo limene unanena m'munda muja."

Ndinaimirira n'kunena zoona. Nanga si iwo omwe anatiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo? Pa pemphero la chakudya anthu anaseka, amayi ena mpaka kugwira nthiti. Nditafika pa mawu anga aja, kuseka kunatha. Mayi wina wamasiye anaweramitsa mutu. Atate anatseka buku lawo mwaphokoso n'kuyambitsa nyimbo.

Kunyumba sanandimenye. Anangosiya kundilankhula, ndipo mbale yanga inakhala pakabati masiku awiri, amayi n'kumandipatsira m'khitchini mobisa. Mpaka lero zimandinyansa ndikakumbukira. Mwana wawo anali atalankhula ndi Mulungu koyamba, iwo n'kumalira ulemu wawo umene unagwa pamaso pa mpingo.

Sipanapite nthawi, mudzi wathu anauwotcha. M'mawa womwewo achimwene anga, mwana woyamba, anatengedwa kukasenza katundu wa anthu a mfuti, ndipo amene anawaona anati alowera cha ku Macanga. Otsalafe tinauyamba wa ku Malawi, mitolo pamutu, amayi akulira chamumtima.

Titafika pakamtsinje kena masana, atate anatiimitsa kuti tipemphere monga mwa chizolowezi. Anavula chipewa, anatseka maso, anatsegula pakamwa. Tinadikira. Munthu amene ankapemphera m'tchalitchi mpaka ana kugona, miyendo ya akulu kuchita dzanzi, anangoti kakasi. Mwa mapemphero awo onse okongola aja munalibe la mwana wotengedwa. Ankangofinya chipewa m'manja.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaseka. Ndinafuna kuwauza kuti vesi kaye, atate, mukaphonya simuwoloka. Koma nditawayang'ana, ndinaona nkhope imene ndinali nayo m'mizere muja.

Anayeretsa kukhosi, ndipo osandiyang'ana anati, "Iwe. Tanena ako aja."

Ndinanena. "Mulungu, tikuopa. Musawasiye achimwene kumene aliko. Musatisiye pano."

Atate anabwereza pambuyo panga, liwu ndi liwu, mosamala, ngati mwana woopa kuti mbale yake ikwera pakabati.